Musanapange remap galimoto yanu, yambani mwaona klatchi

Nkhani ya remap, kusintha manambala a m'kompyuta ya galimoto kuti injini ikhale yamphamvu, yafika pano pa Zomba. Zaka zingapo zapitazo mukanafunsa m'magalaja a ku Chinamwali kapena ku Mpondabwino, ndi ochepa amene akanadziwa kuti n'chiyani. Lero eni mapikapu a dizilo akuuzana m'magulu a WhatsApp, akupatsana manambala a anyamata oyenda ndi laputopu ochokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe, amene amalonjeza kuti pakangotha ola limodzi galimoto ikhala yamphamvu, yothamanga, yosamwa mafuta ambiri. Ine ndinapangitsa, ndipo mphamvu inabweradi. Koma patangodutsa miyezi yochepa tinatsitsa giyaboksi, ndipo ndalama imene inapita pa klatchi inaposa kutali imene ndinalipira pa remap. Ndikulemba kuti amene mukuganiza zopangitsa mudziwiretu mbali imene opanga remap ambiri satchula.

Ndimachita geni ya mpunga. Ndimagula kwa alimi a ku Likangala ndi ku Domasi, nthawi zina mpaka mbali ya Kachulu, n'kukagulitsa ku Limbe. Kale ndinkanyamulanso matemba, koma nyanja ya Chilwa itauma mu 2018 ndinasiya, ndinatsalira pa mpunga ndi mahayala apo ndi apo. Galimoto yanga ndi Toyota Hilux ya injini ya 2.5 D-4D, imene amakaniko amaitchula kuti 2KD, ya giya wapamanja. Ndinaigula itayenda kale ku South Africa. Injini imeneyi ndi yolimba, aliyense amavomereza, koma ndi yofatsa. Mtundu wangawu umatulutsa mphamvu ya 75 kW ndi mphamvu yopotokola ya 260 Nm, pamene mnzake wa 3.0 amatulutsa 120 kW ndi 343 Nm. Kusiyanako simukuona mukamayenda wopanda katundu m'tauni. Mumakuona mutasenza matumba 20 a makilogalamu 50, mukukwera kuchokera ku Liwonde kupita ku Machinga, injini ikubuula pa giya 3, mzere wa magalimoto uli kumbuyo kwanu. Ndi chitunda chimenecho chimene chinandichititsa kuyamba kumvetsera nkhani ya remap.

Kwa amene simukudziwa, galimoto za dizilo zamasiku ano zili ndi kabokosi ka kompyuta, kamene ambiri timangoti computer box. Kabokosika ndi kamene kamalamula kuchuluka kwa dizilo wolowa mu injini, nthawi yeniyeni imene ma injekita amufaize, mphamvu imene pampu imukankhire, ndiponso kuchuluka kwa mpweya umene turbo ikankhe. Akufakitale salola injini kutulutsa zonse zimene ingathe. Amasiya mpata dala, chifukwa galimoto yomweyo imagulitsidwa kumayiko otentha ndi ozizira, kumapiri ndi kuzigwa, kwa anthu othira mafuta abwino ndi othira oipa, kwa osintha oyilo pa nthawi yake ndi ochedwa. Remap ndi kulemba manambala atsopano m'kabokosimo kuti injini idye gawo la mpata umenewo. Palibe chitsulo chimene amasintha. N'chifukwa chake zimaoneka zotsika mtengo komanso zopanda vuto.

Mnyamata amene anandipangira anabwera kunyumba ku Matawale. Anali waulemu ndipo ankaoneka kuti ntchito yake akuidziwa. Anagwada pakhomo la dalaivala, n'kulowetsa chingwe pa kasoketi ka mabowo 16 kamene kali pansi pa chiwongolero, komweko kamene amalumikizapo makina ofufuzira matenda a galimoto. Asanayambe anabweretsa batire lachiwiri n'kulilumikiza ku langa, akuti mphamvu ikatsika ali pakati polemba, kabokosiko kangathe kufa, galimoto osalizanso. Anakopera fayilo ya m'kabokosi, n'kuitumiza pa intaneti kwa munthu wina wakunja amene amaisintha, ife tikudikira pakhonde tikumwa tiyi. Itabwerera anailemba, magetsi a pa dashibodi akuthwanima, kenako anati ndilize. Anandifunsa ngati galimoto imatulutsa utsi, ngati ma injekita anayesedwapo, ndiponso kuti oyilo ndinasintha liti. Za klatchi sanafunse ngakhale kamodzi. Anandiuza kuti mphamvu yopotokola, imene amaiyeza mu Nm ija, yachoka pa 260 kufika cha m'ma 330. Nambala imeneyi inali yapakamwa, chifukwa panalibe makina oyezera otchedwa dyno, koma mmene galimoto inasinthira sindikukayika kuti inakweradi kwambiri.

Ubwino wake ndiunene mosabisa. Chitunda cha ku Machinga chija ndinayamba kuchikwera pa giya 4 ndili ndi katundu yemweyo. Kupitirira ma minibasi pamsewu wa M3 kunasiya kukhala kowerengera. Mafuta ankatsika pang'ono ndikamayenda mofatsa, chifukwa sindinkafunika kuponda moto kwambiri kapena kusinthasintha magiya, koma tsiku limene phazi lalemera tanki inkatha msanga kuposa kale. Amene amakuuzani kuti remap imapulumutsa mafuta nthawi zonse akukuuzani theka la nkhani.

Chizindikiro choyamba chinabwera pamalo oopsa. Ndinali nditadutsa Namadzi ndikulowera ku Limbe, katundu ali wodzaza, ndili pa giya 5 kumbuyo kwa lole ya simenti. Njira itatseguka ndinatuluka n'kuponda moto. Muvi wa ma rev, wosonyeza liwiro limene injini ikuzungulira, unali cha pa 2,000, ndipo mwadzidzidzi unadumpha kufika pafupi ndi 3,000, injini ikulira mokweza, koma muvi wa liwiro uli pomwepo. Galimoto sinakankhe. Ndinali pambali pa lole, patsogolo patali pakubwera ina. Ndinachotsa phazi, ma rev anatsika, klatchi inagwiranso, ndinabwerera kumbuyo kwa lole ija mtima ukugunda. Ichi ndicho ndikufuna muchimvetse kuposa nkhani ya ndalama. Klatchi imaterereka pa nthawi imene mwapempha mphamvu zonse, ndipo nthawi imene dalaivala amapempha mphamvu zonse ndi pamene ali mbali ya magalimoto obwera.

Poyamba zinkachitika pa giya 5 pokha, ndikakhala ndi katundu. Wopanda katundu galimoto inkayenda bwinobwino, moti wina akanaiyesa m'tauni akanalumbira kuti ilibe vuto. Kenako zinafika pa giya 4. Pedulo inayamba kugwirira pamwamba kwambiri, phazi litatsala pang'ono kuchokapo. Tsiku lina ndinanyamula alendo ndi katundu wawo kupita ku Ku Chawe, ndipo m'makhotakhota a msewu wokwera phiri uja fungo linalowa m'galimoto, lowawa, lakupsa, limene aliyense amene analimvapo saliiwala. Ndinatsika pang'onopang'ono n'kupita molunjika kugalaja.

Amakaniko anga ndi bambo achikulire amene akhala akundikonzera galimoto kuyambira kale. Anaiyendetsa pang'ono kulowera ku Thondwe, anaika giya 5 pa liwiro lotsika, n'kuponda moto mpaka pansi. Anandiyang'ana.

"Achimwene, galimotoyi mwaidyetsa chiyani? 2KD simakoka chonchi."

Ndinawauza. Anagwedeza mutu, osati mokwiya. Anati, "Mukanandipeza kaye tikanayamba taona mkatimu. Tiyeni titsitse muone nokha."

Giyaboksi itatsika anandiitana kudzenje. Anandipatsa klatchi pleti m'manja. Chikopa chake, chimene pa yatsopano chimakhala chokhakhala, chinali chasalala n'kumanyezimira, chakuda, ndipo mitu ya timisomali togwira chikopacho inali itatsala pang'ono kufika pamwamba. M'kati mwa chigoba munadzaza fumbi lakuda lonunkha kupsa. Anapukuta flywheel, chigudumu cholemera chimene chimazungulira ndi injini, ndi kansanza n'kuunikira ndi tochi ya foni. Pankhope pake panali mawanga abuluu ndi ofiirira, pamene chitsulo chinatentha kwambiri, ndi timing'alu ting'onoting'ono toonekera mukapendeketsa kuwala. Pressure plate, imene imapanikiza pleti ku flywheel, nayo inali ndi mawanga omwewo.

Anandifotokozera ndi chitsanzo cha chigayo. Anati lamba wa chigayo amakoka malinga ndi mmene wamangidwira. Mukachotsa injini yaing'ono n'kuikapo yaikulu koma lamba ndi yemwe uja wakale, ndiye mwathira chimanga chodzaza, lambayo amangoterereka pa pule, kutentha, mpaka kuduka. Klatchi ndi chimodzimodzi. Pleti ija imapanidwa pakati pa flywheel ndi pressure plate, ndipo chimene chimaipana ndi sipuling'i yooneka ngati mbale yokhala ndi zala. Mphamvu imene klatchi ingapereke ku giyaboksi imadalira kupana kwa sipuling'iyo, kukhakhala kwa chikopa ndi kukula kwa pleti. Akufakitale anaziwerengera zonsezi pa 260 Nm, n'kuwonjezerapo mpata wina. Remap imakweza mphamvu ya injini, koma sipuling'i ndi yomwe ija, pleti ndi yomwe ija.

Apa pali chinthu chimene ambiri timasokoneza. Otsatsa remap amakonda kutchula ma kW kapena mahatchi, chifukwa ndi nambala zimene zimakoma m'makutu. Klatchi ilibe nazo ntchito zimenezo. Imamva ma Nm, mphamvu yopotokola, ndipo pa injini ya dizilo ya turbo mphamvu imeneyi imafika pachimake ma rev ali otsika, cha pakati pa 1,600 ndi 2,400. Ndi pomwepo pamene remap imawonjezera kwambiri, ndiponso ndi pomwepo pamene dalaivala amasangalala, chifukwa galimoto imakoka osafuna kutsitsa giya. N'chifukwa chake kuterereka kumayambira pa magiya apamwamba. Pa giya 1 kapena 2 galimoto imanyamuka msanga, ma rev amadutsa pachimake paja mwachangu. Pa giya 5 muli ndi tani yathunthu kumbuyo, matayala amakana kufulumira, injini imakhala nthawi yaitali ikukankha ndi mphamvu zake zonse, ndipo pakati pa ziwirizi chimene chimagonja ndi klatchi. Ikangoterereka kamodzi imatentha, chikopa chimasalala, kugwira kumachepa, ndipo ulendo wotsatira imaterereka mosavuta kuposa poyamba. Vutoli limadzikulitsa lokha.

Bambo aja ananena mawu ena amene ndikuona kuti ndiwo mutu wa nkhani yonseyi. Anati pleti yangayo inali itadya kale kuposa theka ndisanapange remap. Pa mphamvu yakufakitale ikanayendabe nthawi yaitali osadandaula, chifukwa mpata wotsalawo unali wokwanira. Remap inadya mpata umenewo tsiku limodzi. Ndiye taganizani za magalimoto amene timayendera kuno. Pafupifupi onse timagula atayenda kale, kaya ku Japan, ku South Africa kapena ku UK, ndipo palibe amene amadziwa ngati klatchi inasinthidwapo. Ambiri makilomita a pa dashibodi ndi okayikitsa. Pamwamba pa izo timasenzetsa. Pikapu yolembedwa kuti inyamule pafupifupi tani imodzi, kuno mumaiona ili ndi matumba 30, anthu atakhala pamwamba. Mnyamata wa laputopu amene akukuuzani kuti anthu akunja amapanga stage 1, remap yoyambirira yosasintha zitsulo, pa klatchi yakufakitale popanda vuto mwina sakunama, koma anthu amenewo sakwera ku Chingale ndi matumba a feteleza.

Panali njira zitatu. Kubwezeretsa fayilo yakale n'kuika klatchi wamba, kusiya remap n'kuika klatchi wamba podziwa kuti sikhalitsa, kapena kugula yolimbirapo imene amati heavy duty. Ndinasankha yachitatuyi, koma ndinachitanso china chimene ndikulangiza aliyense. Ndinaimbira mnyamata uja n'kumufotokozera. Anabwera n'kulemba fayilo ina yofatsirapo, imene mphamvu siibwera mwadzidzidzi ma rev ali pansi, koma imakwera pang'onopang'ono. Izi n'zotheka, ndipo wodziwa ntchito angathe kuika malire a ma Nm pamene mwagwirizana. Chinandipweteka n'chakuti akanatha kutero kuyambira tsiku loyamba akanandifunsa kuti galimoto imagwira ntchito yanji. Kusiyana kwa mafayilo awiriwa pa chitunda ndi kochepa, koma pa klatchi ndi kwakukulu.

Kugula zipangizo kunali kowawa. Kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chakwera mosaneneka, ndipo mitengo imasintha musanamalize kusonkhanitsa ndalama. Komanso msika wadzaza zabodza. Mayina odziwika a klatchi ndi monga Aisin, Exedy, LuK, Sachs ndi Valeo, koma bokosi lolembedwa dzina labwino si umboni wa zimene zili m'katimo. Ndinapita ku Limbe ndi amakaniko anga, tinanyamula pleti yakale yoyerekezera, ndipo iwo ankatsegula bokosi lililonse, kuwerenga mano apakati, kuona masipuling'i ndi kulemera kwake. Mukaona mtengo watsika kwambiri poyerekeza ndi mashopu ena, dziwani kuti pali chifukwa.

Giyaboksi ikatsika, musasinthe pleti yokha pofuna kupulumutsa ndalama. Ntchito yotsitsa ndi kukweza ndi yaikulu, simungafune kuilipira kawiri. Ife tinasintha pleti, pressure plate, release bearing imene imakankha zala za sipuling'i ija, kabeyaring'i kakang'ono ka pakati pa flywheel, ndiponso oyilo silo ya kumbuyo kwa injini, chifukwa ikayamba kudontha oyilo amafika pa chikopa ndipo klatchi yatsopano imaterereka ngati yakutha. Flywheel tinakaisepetsa kwa a makina kuti nkhope yake ikhalenso yosalala mofanana. Pleti yatsopano pa flywheel yamawanga imanjenjemera ponyamuka ndipo imatha msanga. Mukamaliza, makilomita mazana angapo oyambirira yendani mofatsa, osasenza kwambiri, kuti chikopa chikhazikike.

Eni magalimoto ngati VW Golf ya TDI ndi ena a dizilo ochokera ku Europe, nkhani yanu ndi yolemerapo. Ambiri mwa amenewa ali ndi flywheel ya zigawo ziwiri yokhala ndi masipuling'i m'kati, imene amati dual mass. Ntchito yake ndi kumeza kugunda kwa injini kuti kusafike ku giyaboksi. Mphamvu yowonjezera pa ma rev otsika imatopetsa masipuling'i amenewo, imayamba kugogoda poliza ndi pozimitsa, ndipo flywheel yotere sisepedwa, imangosinthidwa yonse. Mtengo wake ungapose wa klatchi imene.

Heavy duty nayo ili ndi zake. Pedulo imalemera, ndipo tsiku la msika pamene magalimoto, ma kabaza ndi anthu adzaza kuyambira kudepoti, mwendo wamanzere umadziwa. Patapita nthawi slave cylinder yanga, kaja kamene kamakankha klatchi ndi mafuta a buleki, inayamba kudontha, chifukwa inali yakale ndipo tsopano inkakankha sipuling'i yolimba. Tinasintha. Ena adzakuuzani za klatchi ya ceramic, ya mapazi anayi kapena asanu ndi limodzi, yoti siterereka zivute zitani. Imeneyo inapangidwira mipikisano. Imagwira mwadzidzidzi, sinyamuka mofatsa, imadya flywheel, ndipo pa galimoto yonyamula katundu kugunda konseko kumapita ku giyaboksi, ku propeller shaft ndi ku difu. Bambo aja anandikumbutsa kuti pa zitsulo zonse zotumiza mphamvu ku matayala, klatchi ndi imene inapangidwa kuti izitha, ndipo ndi yotchipa poyerekeza ndi giyaboksi. Mukailimbitsa mopitirira muyeso, chogonja chimakhala china chodula.

Kayendetsedwe kanga kanasintha, ndipo ndikukhulupirira kuti ndiko kakusunga klatchi yatsopanoyi kuposa dzina la pa bokosi. Sindipondanso moto mpaka pansi ndili pa giya 4 kapena 5 ma rev ali pansi pa 2,000. Ndikafuna kupitirira, ndimayamba ndatsitsa giya. Zimamveka ngati kutaya ubwino wa remap, koma ayi, galimoto imakokabe bwino, kungoti katundu wa pa klatchi amachepa. Ndikasintha giya ndimadikira phazi lichokeretu pa pedulo ndisanawonjezere moto. Poima pa chitunda ndimagwiritsa handibuleki, sindiimika galimoto pa hafu klatchi monga ambiri tinaphunzitsidwira. Phazi siligona pa pedulo poyenda, ngakhale pang'ono, chifukwa kulemera kwa phazi lokha kumachepetsa kupana kuja. Potsika phiri kuchokera ku Ku Chawe ndimasiya galimoto mu giya yotsika kuti injini igwire, osati kuponda klatchi n'kudalira mabuleki okha. Nyengo ya dzinja msewu wa ku Kachulu ukakhala matope, ndikatitimira ndimatsitsa matumba ena, kukumba, kuika miyala ndi nthambi, m'malo mogwedeza galimoto kutsogolo ndi kumbuyo pa hafu klatchi. Mphindi zochepa za kugwedeza koteroko pa injini ya remap zimadya chikopa chimene chikanayenda miyezi.

Klatchi si yokha imene imamva. Dizilo wochuluka amatanthauza kutentha kochuluka mu injini ndi mu ekizozi, ndipo malo athu ano amawonjezera vutoli. Tauni ya Zomba ili pamtunda wa mamita pafupifupi 900, nsonga za phiri zimapitirira mamita 2,000, ndipo mukamakwera mpweya umapepuka, turbo imazungulira kwambiri kuti ikankhe mpweya wofanana. Kukwera kwa nthawi yaitali ndi katundu, mwezi wa October, pa fayilo yaukali, ndiko kumawotcha turbo ndi ma pisitoni. Mukaona utsi wakuda ukutsanuka mukaponda moto, si chizindikiro cha mphamvu monga anyamata ena amanyadira. Ndi dizilo amene sanapse bwino, ndipo fayilo yotero ndi yolembedwa mosasamala. Ndikafika pamwamba pa chitunda chachitali sindizimitsa nthawi yomweyo, ndimaisiya ilire pang'ono kuti oyilo aziziritse turbo. Radiator ndinaitsukitsa, oyilo ndi mafilita ndimasintha msanga kuposa kale. Pa nthawi ya kusowa kwa mafuta, pamene timakakamizika kugula wa m'zigubu, ndimakumbukira kuti mpata umene akufakitale anasiyira mafuta oipa ndinaudya kale, choncho ndimalolera kuimika galimoto kusiyana n'kuthira dizilo amene sindikudziwa kumene wachokera.

Pali ena amene remap siwayenera n'komwe. Wina anandifunsa ngati angapangitse pa Toyota Vitz yake. Tigalimoto ta petulo topanda turbo, monga Vitz, Honda Fit, Nissan Note kapena Sienta, tilibe mpata waukulu woti kompyuta itsegule, chifukwa palibe chokankha mpweya wowonjezera. Phindu lake ndi lochepa moti simungalimve. Komanso ambiri mwa amenewa ali ndi giyaboksi ya CVT, imene imayendera lamba wachitsulo pakati pa mapule awiri, ndipo imeneyo ikawonongeka kuikonza kuno n'kovuta, ambiri amangogula ina. Otomatiki wamba alibe pedulo ya klatchi, koma m'kati mwake muli timapleti tambiri timene timaterereka ndi kutentha mofananamo. Amene galimoto yanu ndi yatsopano ndipo ikadali pa waranti, dziwani kuti ogulitsa akazindikira kuti kompyuta inasinthidwa angakane kukonza injini kapena giyaboksi. Za inshuwalansi, werengani pepala lanu kapena funsani kampani yanu musanapangitse, chifukwa kusintha mphamvu ya injini osanena kungadzetse mkangano tsiku la ngozi.

Ngati mwatsimikiza mtima, yambani kwa makaniko wanu, osati kwa wa laputopu. Yesani klatchi pamsewu woongoka wopanda magalimoto, galimoto ili ndi katundu amene mumanyamula masiku onse: giya 4 kapena 5, liwiro la makilomita 50 mpaka 60 pa ola, pondani moto mpaka pansi, maso pa mivi iwiri ija. Iyenera kukwerera limodzi. Wa ma rev ukathamanga wokha, ngakhale pang'ono, klatchi yatha kale ndipo remap ingoimaliza. Ngakhale itapambana mayeso amenewa, ngati simukudziwa kuti inasinthidwa liti, ikani pambali ndalama ya kiti yonse ndi ya ntchito musanalipire remap. Ngati ndalama imeneyo palibe, dikirani. Kwa munthu wa geni ngati ine, galimoto ikagona pagalaja pa nyengo yokolola mpunga, chotayika si mtengo wa zitsulo wokha, makasitomala amapita kwa wina.

Wopanga remapyo mufunseni mafunso, ndipo muone mmene akuyankhira. Akuuzeni ma Nm amene akufuna kufikapo ndi ma rev amene mphamvuyo ifikire pachimake. Mumuuze katundu amene mumanyamula ndi misewu imene mumayenda, ndipo ngati sakusamala zimenezo, musiyeni. Akupatseni fayilo yanu yakufakitale pa flash kapena pa imelo tsiku lomwelo, chifukwa anthu oyenda ndi laputopu amasintha manambala a foni, ndipo tsiku limene mudzafune kubwerera mwakale mudzaisowa. Ena amapereka kuti azimitsenso EGR, kachipangizo kobweza utsi wina mu injini, kapena kuchotsa sefa ya utsi pa magalimoto amene ali nayo. Imeneyo ndi nkhani ina yokhala ndi zotsatira zake, musalole kuti ingolowetsedwa mu fayilo inu osadziwa.

Ineyo remap ndikadali nayo, ya fayilo yofatsa ija, ndipo pa ntchito yanga ikundithandiza. Koma mnzanga wina wonyamula matabwa atandifunsa, ndinamulangiza kuti asapange, chifukwa pikapu yake ndi yotopa, imasenza mopitirira, ndipo amaipereka kwa madalaivala osiyanasiyana amene sangawalondole phazi. Galimoto ya remap imafuna dalaivala mmodzi wodziwa chimene chili pansi pa phazi lake.

Kwa amene mukugula pikapu yakale, makamaka yochokera ku South Africa kumene kuwonjezera mphamvu pa ma dizilo n'kofala, funsani mwini wake ngati inapangidwapo. Yang'anani pansi pa boneti ndi kuseri kwa dashibodi ngati pali kabokosi kowonjezera kolumikizidwa ku mawaya a injini, chifukwa ena sasintha fayilo koma amaika kabokosi kotero. Ikakhala kuti ikukoka kuposa zinzake za injini yofanana, muiyese pa giya yapamwamba monga ndafotokozera, ndipo mtengo wa klatchi muuchotseretu pa ndalama imene mukukambirana.